Njere ya Suku m'Mimba mwa Tikondwe

Gerevazio anali munthu woti nkhani ikatuluka m'kamwa mwake yopanda mchere, ankadzimva ngati wadwala. Mudzi wonse kumapiri a ku Lobi kuja unkamudziwa. Akanena kuti wakumba mbatatesi yaikulu ngati mutu wa munthu, anthu ankadziwa kuti inali ngati chibakera, n'kuseka, n'kumusiya. Sanali munthu woipa ayi. Kumunda ankalawirira, kutchalitchi sankajomba, mowa ankangolawa pa ukwati. Matenda ake anali lilime basi, linkamuyabwa.

M'mudzi monsemo munali munthu mmodzi yekha amene ankameza nkhani za Gerevazio osatafuna, ndiye mwana wake wachisamba, Tikondwe, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo akanena kuti nkhungu ya paphiri ndi thonje limene angelo ayanika, Tikondwe ankadzuka m'mawa kukaona ngati lauma. Akanena kuti achule amalira kudambo chifukwa anawakaniza sukulu, mwanayo ankawamvera chisoni achulewo mpaka misozi kulengeza. Ndipo tinene mosabisa, palibe chimene Gerevazio ankachikonda pansi pano kuposa maso a mwana ameneyo. Anzake ankamuseka, mkazi wake Filomena ankangopukusa mutu, koma kamwanaka kakamuyang'ana kukamwa kuli yasa, iye ankadziona kuti naye ndi munthu.

"Bambo a Tiko, mwanayu si anzanu a pabawo," Filomena ankatero. "Anzanuwo amadziwa posiyira. Uyu amatenga zonse."

"Aa, mayi a Tiko, mwana amakula ndi nthabwala. Ife tinakula nazo, nanga tafa?"

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Novembala anafika pakati dzuwa likuswabe mtengo, ndipo ngakhale anthu a ku Dedza, amene amanyadira kuzizira kwawo, ankasakasaka mthunzi ngati a kuchigwa. Masuku okha ndiwo anasunga nthawi yawo. Tsiku lina masana Gerevazio pochokera kumunda anapeza Tikondwe ndi mng'ono wake Sandra, wa zaka zinayi, ali pakhonde ndi mbale ya masuku, akupikisana kuti adye ambiri ndani. Ataona mmene ankawaponyera m'kamwa, anaopa kuti wina atsamwa ndi njere. Mantha akewo anali abwino ndithu. Akanangonena kuti, "Idyani pang'onopang'ono, mutsamwa," pakanakhala palibe chosimba. Koma Gerevazio angalankhule chinthu chosalala chotero?

Anatsamiritsa khasu pakhoma, n'kunjuta patsogolo pawo, nkhope atakwinya.

"Kodi mukudziwa chimene chimachitika munthu akameza njere ya suku?"

Ana aja anapukusa mitu.

"Imamera. M'mimbamu n'mofunda, n'monyowa, chimodzimodzi kudimba. Mizu imatsikira m'miyendo, nthambi zimatulukira m'makutu. Kwathu kunali munthu wina, tinkathyola masuku pamutu pake. Mbuzi zinkamulondola kulikonse."

Sandra anafa nalo phwete pomva za mbuzizo. Tikondwe sanaseke.

"Anachira, ababa?"

"Angachire bwanji? Anauma chiimire, anasanduka mtengo. Ulipo mpaka lero, ana amakwera."

Ananyamuka akudziyamikira mumtima kuti waphunzitsa ana popanda kukalipa. Chimene sanachidziwe n'chakuti iye asanafike n'komwe pakhondepo, njere imodzi inali itatsika kale kum'mero kwa Tikondwe.

M'mawa mwake anapita naye kudimba, monga ankachitira kawirikawiri kusanayambe sukulu, kukathirira nazale ya tomato. Tikondwe anali ndi kakeni kake kakang'ono kothirira. Tsiku limenelo ankathirira mwakachetechete, akuyang'anitsitsa timbande tobiriwira timene tinkatuluka m'dothi.

"Ababa, mbewu ikapanda kuthiriridwa imatani?"

Gerevazio mtima unamukomera. Anati m'mera mpoyamba, mwanayu adzakhala mlimi. Ndipo pa funso ili lokha sanathirepo mchere, anayankha zoona zokhazokha.

"Imangokhala gone, mwana wanga. Ikasowa madzi nthawi yaitali imafa. Madzi ndiwo amaidzutsa."

"Ngakhale ya suku?"

"Ngakhale ya suku. Mbewu iliyonse."

Tikondwe anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu amene wamva malangizo a dokotala. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kumwa madzi.

Mudzafunsa kuti makolo anali kuti. Anali kumunda, kuthamangira kumaliza mizere mvula isanawadzidzimutse. Ndipo mwanayo sanachite zoonekera. Akamupatsa phala ankati lamukwana, akufuna mbatata yootcha. Akamupatsa thobwa ankalandira ndi manja awiri, n'kupita nalo kuseri kukamwetsa Sandra. Ludzu likamukulira ankaviika chala m'ndowa n'kupaka pamilomo. Filomena anaona kuti mwana wachepetsa kusewera, anati mwina ndi dzino likugwedera. Gerevazio anaona kuti mwana amangodzigwiragwira m'makutu, ndipo, Mulungu amukhululukire, anamuseka n'kumufunsa ngati mwalowa nyerere.

Filomena ndiye anamupeza Tikondwe atagona pansi pa nkhokwe dzuwa lili paliombo, milomo itang'aluka, maso atalowa m'kati, akumuitana koma osatha kudzuka. Anakuwa mpaka kumunda kunamveka. Gerevazio anataya khasu, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa njinga yamoto ya kabaza. Ulendo wonse wa kuchipatala anamufungatira mwanayo pachifuwa, thupi lake likutentha, lopepuka ngati mtolo wa udzu.

Namwino anamubaya chala, malungo sanapezeke. Anatsina khungu la pamimba n'kulisiya, ndipo khungulo linachedwa kubwerera.

"Mwanayu thupi lauma. Akutsegula m'mimba? Akusanza?"

"Ayi, anesi, palibe chilichonse," anatero Filomena, amene anafika pa njinga ina.

Namwinoyo anasungunula madzi a mchere ndi shuga m'kapu n'kumuyandikizira kukamwa. Mwana amene ankalephera kutukula mutu uja analuma mano zolimba, n'kutembenukira kukhoma. Anamunyengerera, anamuopseza, zinakanika. Ndipo namwino anati palibe kuchitira mwina, amuike diripi. Singano italowa, Tikondwe anakweza maso n'kuona botolo lili lende pamwamba pake, timadontho tikutsika m'kachingwe.

"Muli chiyani umo?" anafunsa ndi timawu tosasa.

"Madzi, mwanawe, oti akupatse mphamvu."

Mphamvu zimene anali nazo sizikudziwika kumene anazitenga. Anakuwa, n'kuyamba kukoka kachingwe kaja mpaka namwino ndi Filomena anachita kumupanikiza.

"Chotsani! Mtengo umera! Ndinameza njere, umera! Ababa, auzeni! Auzeni za munthu wa kwanu uja!"

M'chipindamo munali amayi ena ndi ana awo, ndipo onse anatembenukira kwa Gerevazio. Pamenepo ndi pamene zonse zinamubwerera nthawi imodzi, funso la kudimba lija, thobwa lopita kuseri, timanja tofufuza nthambi m'makutu. Mwana wake anali kudzipha ndi ludzu chifukwa chokhulupirira bambo ake, ndipo ngakhale pamenepo ankaitana bambo akewo kuti akhale mboni yake. Gerevazio anagwada pafupi ndi bedi.

"Tiko, kulibe munthu ameneyo. Njere simera m'mimba. Ndinanama."

Mwanayo anasiya kulimbana. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Munanama?"

"Ndimangocheza nanu, mwana wanga."

"Koma simumaseka."

Filomena sananene kuti ndinakuuzani, ndipo kusanena kwakeko kunapweteka kuposa akananena. Namwino anangokonza kachingwe kaja, n'kumuitanira Gerevazio pakhoma pamene panali chithunzi cha m'kati mwa munthu. Anamuonetsa njira ya chakudya kuyambira kukamwa mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti akafika kunyumba akamulongosolere mwanayo zoona zake, chifukwa ana amamva. Gerevazio, amene sankamvetsera nkhani ya munthu wina mpaka kumapeto chibadwire, anamvetsera ndi makutu onse, n'kupempha kuti abwerezenso.

Tikondwe anachira, poti ana sachedwa. Anabwerera kunyumba mvula yoyamba itagwa. Koma madzi ankamwa pang'onopang'ono, ndipo ankalandira kwa mayi ake okha. Akamwa ankakhala phee, dzanja pamimba, ngati akumvetsera. Gerevazio ankamuuza m'mawa ndi madzulo kuti njere ija inatuluka kalekale kuchimbudzi, mwanayo n'kumangoti, "Eya, ababa," maso ali kwina. Eya ameneyo ankamulasa Gerevazio mumtima. Anazindikira kuti mawu ake atha mphamvu, ndipo ngati akufuna kuti mwana amukhulupirirenso, ayenera kumuonetsa chinthu choti agwire ndi manja.

Mlamu wake Kizito ankapha mbuzi tsiku lililonse la msika n'kumagulitsa nyama. Gerevazio anamulawirira asanayambe kusenda.

"Alamu, lero zam'mimba mundipatse ine. Koma musadule. Mundichotsere zonse zili chilumikizire, kuyambira kum'mero mpaka kotulukira."

"Mukufuna kuyamba using'anga, alamu?"

"Ndikufuna kuphunzitsa ana."

Kizito anafuna kuseka, koma nkhani ya kuchipatala inali itamveka mudzi wonse. Anagwira ntchitoyo mosamala kuposa masiku onse, n'kumuikira m'beseni.

Kuseri kwa nyumba Gerevazio anayala masamba a nthochi, n'kutambasula zam'mimba zija mwadongosolo, kum'mero kumtunda, matumbo kumunsi. Filomena anabwera ndi mpeni ndi ndowa ya madzi, poti phunziro likatha zimenezo ndi ndiwo. Sandra anagwira mphuno. Tikondwe anaima patali pang'ono, manja kumbuyo.

Gerevazio anayamba ndi ana eni akewo. Anawapatsa kachidutswa ka mbatata aliyense n'kuwauza kuti atafune osameza.

"Mukumva chiyani?"

"Yafewa," anatero Sandra.

"Mano aphwanya, malovu afewetsa. Ntchito imayambira pamenepo. Tsopano gwirani pakhosi, mezani. Mwaimva ikudutsa? Yalowa mu msewu uwu."

Anatukula kum'mero kwa mbuzi kuja, n'kuyendetsa chala mpaka pa chifu. Apa anaima, chifukwa anakumbukira kuti lero si tsiku lodumpha zinthu.

"Mbuzi chifu chake chili ndi zipinda zinayi, chifukwa imadya udzu wolimba, imameza, kenako n'kubzikula n'kutafunanso. Ife tili ndi chipinda chimodzi chokha. M'menemo muli madzi owawasa. Mukukumbuka mukasanza, mmene kukhosi kumawawira? Ndi madzi amenewo. Amasungunula chakudya mpaka chikhale ngati phala. Mulibe dothi, mulibe dzuwa, ndipo palibe chimene chimakhazikika. Zonse zimangodutsa."

Tikondwe anali atasendera pafupi. Gerevazio anatenga mpeni n'kung'amba chifu chachikulu chija. Munali udzu wosagayika wonunkha, ndipo atafufuza ndi zala anapeza chimene ankapempherera njira yonse, poti mbuzi za kumeneko nyengo imeneyo zimaswera pansi pa misuku. Anatulutsa njere za masuku zingapo, n'kuzitsuka m'ndowa, n'kumuikira mwanayo m'dzanja.

"Mbuzi iyi imamwa madzi tsiku lililonse. Taziona. Pali imene yamera?"

Tikondwe anazitembenuza imodziimodzi, anakanda ndi chikhadabo, anayang'ana kunsonga. Anapukusa mutu. Kenako anagwada, n'kupisa yekha dzanja m'chifu muja osanyansidwa, ndipo anatulutsa kajumbo kakuda kofinyika.

"Nanga aka?"

Apa ndiye satana anamuyesa Gerevazio. Nkhani inafika yokha pansonga ya lilime, yokoma, yokonzeka kale: kuti mbuziyo inali paulendo wa kumsika kukagula sopo. Anaimva ikumuyabwa, anaona mmene Sandra akanasekera. Anaimeza.

"Inadya kajumbo kotayidwa. Jumbo sisungunuka, ndipo nthawi zina imakanirira, mbuzi n'kudwala. N'chifukwa chake sitiika m'kamwa zinthu zosadyedwa. Koma njere yako ija inali yoterera, inadutsa."

"Inadutsa pati?"

Anamuonetsa. Anagwiritsa Sandra nsonga imodzi ya matumbo aang'ono, Tikondwe n'kumawongola kwinaku akubwerera m'mbuyo mpaka anakafika pakhola, onse akudabwa kuti chingwe chonsecho chinakwana bwanji m'kambuzi kamodzi. Anawauza kuti m'menemo ndi mmene zabwino za m'chakudya zimalowera m'magazi, kuti munthu akule ndi kuthamanga. Anawaonetsa chiwindi, ndi kathumba kobiriwira ka ndulu kamene Filomena anakadula mosamala kuti kasaphulike, n'kunena kuti madzi owawa a m'menemo amathandiza pa zakudya zamafuta. Anagwira Tikondwe kumanja kwa mimba, pansi pa nthiti, n'kumuuza kuti chiwindi chake chili pamenepo. Kenako anafika pa matumbo aakulu.

"Muno mumafika zotsala. Thupi limamwa madzi ake, zotsalazo n'kupita kuchimbudzi. Ukapanda kumwa madzi zimauma, zimavuta kutuluka, ndipo thupi lonse limafooka. Madzi sameretsa kanthu m'mimba, Tiko. Amathandiza kuti zinthu ziyende."

Sandra atamva za kuchimbudzi anagubuduka ndi kuseka. Tikondwe anayendetsa chala chake kuyambira kum'mero mpaka kumapeto, akutchula chilichonse ndi dzina lake, osaphonya. Atamaliza anasamba m'manja, anapita pamtsuko, anatunga chikho chodzaza n'kumwa chonse ali chiimire, madzi akuyenderera pachibwano.

Gerevazio anayang'ana kumbali kuti asaoneke misozi. Anati basi, zatha, mwana wanga wabwerera. Filomena anatsuka matumbo aja n'kuyamba kukulunga nthumbwana, ndipo masana amenewo anadya bwino ngati pa Khirisimasi.

Dzuwa litapendeka, Gerevazio anakhala kuseri kwa khola akukhomera khasu limene linaguluka mumpini. Ana anali pakhonde, osadziwa kuti ali pafupi. Anamva mawu a Tikondwe, odekha ngati a mphunzitsi. Anali atamugoneka Sandra chagada, akumuyendetsa chala pamimba.

"Chimayambira apa. Kenako chimatsika apa. Apa pali chifu, chimodzi chokha, osati ngati cha mbuzi. Apa pali matumbo, ataliatali."

"Wakuuza ndani?" Sandra anafunsa, ngati kuti m'mawa muja kunalibe.

"Ababa."

Gerevazio anasiya kukhoma. Anamwetulira yekha.

"Koma ndakafunsa amama, akuti n'zoona," Tikondwe anapitiriza. "Iwenso uzitero. Ababa akakuuza chinthu, uzivomera kuti eya, chifukwa ndi aakulu. Koma usachigwire msanga. Uzikafunsa kaye amama."

Gerevazio anamvetsera kuti amve mkwiyo m'mawuwo, koma munalibe. Ukanakhala mkwiyo akanadziwa chochita, poti mkwiyo wa mwana umatha ndi kupepesa ndi kachidutswa ka nzimbe. Mwanayo ankangochenjeza mng'ono wake, monga mmene amamuuzira njira imene ili ndi minga. Ankawakondabe bambo ake, izo Gerevazio sanakayike. Koma anali ataphunzira zinthu ziwiri sabata imeneyo, kumene chakudya chimapita ndi mmene mawu a bambo ake amalemerera, ndipo zonse ziwiri anaziphunzira bwino. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Gerevazio anali atawanena mawu amenewa kwa anthu ena kambirimbiri, ku maliro ndi ku milandu, akuwakometsera ndi mawu ake okoma aja, osadziwa kuti amawawa chonchi.

Anafuna kudzuka kuti apite pakhondepo, koma akanene chiyani? Chilichonse chimene akananena chikanakhalanso mawu. Anangokhala ndi khasu lake pamiyendo, akulakalaka atabwerera ku masana aja, mbale ya masuku ili pakhonde, kuti akangonena kuti idyani pang'onopang'ono, mutsamwa.

Posakhalitsa anamva timapazi. Sandra anatulukira pakona pa khola, diresi atalikweza m'mwamba, chala atalozetsa kumanja kwa kamimba kake.

"Ababa, chiwindi changa chili apa?"

"Eya, mwana wanga. Pomwepo ndithu."

"Eya, ababa," anatero Sandra mwaulemu. Kenako anatembenuka n'kuthamangira kukhitchini akuitana, "Amama! Amama! Akuti chili apa. N'zoona?"